Ababa ndi Ndiwo za Njoka

Chaka chimene ndinafolera nyumba ya bambo anga ndi malata, kumudzi kwathu kunamveka kuti ndili ndi njoka. Sindinadabwe kwenikweni. Kwathu munthu sachoka pa udzu n'kufika pa malata popanda anthu kumufunira chifukwa, ndipo chifukwa chakuti amagwira ntchito sichikoma kuchikamba pachitsime. Chokoma n'chakuti anakhwima: ali ndi chipinda chosalowamo munthu, m'chipindamo muli njoka, iye amaidyetsa, iyo n'kumamubweretsera ndalama. Ena anafika potchula kutalika kwake kwa njokayo, chonsecho kuchokera kwathu ku Mchinji kufika kuno ku Hull munthu amakwera ndege ziwiri ndi basi.

Ababa, monga timawaitanira, ndi mkulu wa mpingo, ndipo kunama sakudziwa. Sindikuwatama ayi, khalidwe limeneli linatizunza tili ana. Kukabwera mlendo wotopetsa, malemu amayi n'kutituma kuti tikanene kuti achokapo, Ababa ankasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Alipo, koma sakufuna kukuonani." Tsono mphekesera ya njoka itawapeza, anadikira Lamulungu, nthawi ya zolengeza n'kuimirira.

"Mwana wanga alibe njoka," anatero. "Amasambitsa nkhalamba za eni ake, kuzidyetsa ndi kuzitembenuza pabedi. Wodziwa za njoka abwere adzandiuze pamaso."

Palibe anabwera. Ndipo nthawi imeneyo zimene ananenazo zinali zoona zokhazokha. Njoka inadzabwera patapita zaka zitatu, pa basi ya masana.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi, wobadwira konkuno. Bambo ake tinasiyana iye akukwawa, ndipo nkhani ino siikuwakhudza. Chichewa amamva chonse, ngakhale chonong'ona, koma poyankha amayankha m'Chingerezi cha ku Hull chimene Azungu anzawo a kwina amapempha kuti chibwerezedwe. Ndinayesa kumukalipira, kumunyengerera, kumupempherera, lilime lake linakana. Atakula analowa koleji kukaphunzira kusamalira zinyama. Ine m'mutu mwanga munali agalu, amphaka, mwina ng'ombe.

Lachisanu lina anafika atanyamula kathumba ka pilo komanga kukamwa. Anakaika patebulo lodyera, kathumbako n'kusuntha kokha.

"Mum, don't scream," anatero, kundichenjeza kuti ndisakuwe.

Ndinakuwa. Pamene nzeru zimabwerera ndinali panja kuseri kwa nyumba, mpando uli m'manja, osadziwa kuti ndaunyamula nthawi yanji. Mwanayo anandifotokozera kudzera pawindo la kukhitchini, modekha ngati nesi. Anati dzina la mtundu wake ndi dwarf boa, yofananako ndi nsato, yopanda ululu. Anati si mwana wa chinjoka chachikulu ayi, mtundu wake wonse ndi waufupi chibadwire, chifukwa kwawo ndi ku tizilumba ta kutali kumene chakudya n'chosowa, ndipo ngakhale idzakalambe siidzandipitirira msinkhu. Mwini wake anali mnzake wa m'kalasi amene amasamukira m'nyumba yoletsa ziweto. Anandilonjeza kuti ikhala nafe masabata awiri okha.

Ndinamuyankha kuti kwathu njoka sitiyeza ndi tepi, timayeza ndi ndodo.

Masabata awiri aja anasanduka mwezi, mwezi n'kusanduka chaka. Ndikanatha kuitulutsa, nyumba ndi yanga. Koma chinachitika n'chakuti mwana amene ankalowa ndi kutuluka ngati mlendo wa lendi, maso pa foni, anayamba kukhala nane patebulo n'kumacheza. Nkhani zake zinali za njoka basi, koma zinali nkhani. Mayi amene wakhala zaka akulankhula ndi chitseko chotseka andimvetsa.

Inkakhala m'chipinda cha mwanayo, m'mwamba, m'bokosi lathabwa la zitseko zagalasi. Munali nyale yotenthetsa, chifukwa chisanu cha kuno chikanaipha, mbale ya madzi, ndi kachipika kamphako kamene inkabisalamo. Mwanayo ankawazamo madzi kuti muzikhala chinyontho. Inali yotuwa ngati phulusa, ya mawanga ofiirira, kumchira kofiira kwambiri, yonenepa ngati mpini wa khasu. Anaipatsa dzina la munthu, limene sindilemba pano chifukwa kumpingo kwathu kuli mayi wina wa dzina lomwelo ndipo ndi wosachedwa kupsa mtima.

Kudya inkadya kamodzi pa masabata awiri. Chakudya chake chinali mbewa zogula kusitolo ya ziweto, zoyera, zouma gwa ndi chisanu, zolongedzedwa m'pulasitiki monga mwa misinkhu yake. Tsiku lodya mwanayo ankaviika imodzi m'madzi ofunda mpaka itafewa, n'kuipereka ndi chopanira. Ndinamupatsa dirowa ya pansi penipeni ya firiji, mouma zinthu ngati mwala muja, n'kulamula kuti azizikulunga m'jumbo yakuda. Ine mwana wa ku Mchinji, wokulira pa mbewa, ndinkaona kuti kumeneku n'kuchitira chipongwe ndiwo.

Kumpingo kwathu kuno sindinauzeko munthu. Amayi a mpingo akabwera kudzapemphera kwathu, ndinkakiya chipindacho, kiyi n'kumuika m'thumba. Tsiku lina mayi wina pofunafuna bafa anagwira chitseko chimenecho.

"Muno mumakiya, mayi? Muli chiyani?"

"Mabuku a mwana," ndinatero.

Atapita onse ndinaima pamasitepe n'kuyamba kuwerenga pa zala. Chipinda chosalowamo munthu, ndili nacho. Njoka ilimo. Timaidyetsa. Chotsala chinali ndalama zokha, ndipo zimenezo njoka yathu inkangodziwa kuzitulutsa m'nyumba kudzera pa magetsi.

Amayi atamwalira, Ababa anatsala okha m'nyumba ya malata ija, ndipo ndinayamba kulimbana ndi mapepala kuti adzatichezere. Zinatheka kumapeto kwa nyengo yotentha, ulendo wa masabata asanu ndi limodzi. Ndinauza mwana kuti njoka ichoke. Anafunsa anzake onse, osapezeka woilandira. Pamenepo ndinakumbukira mwambo, ndipo mtima unakhala pansi: bambo wa kwathu salowa kuchipinda kwa mwana wamkazi wotha msinkhu. Ngakhale nyumba itayaka, amaitana ali pakhomo. Tinachotsa khungu limene njoka inafundula, limene mwanayo analipachika pabalaza ngati satifiketi. Tinabisa chopanira. Tinagwirizana kuti mawu oti njoka asatuluke pakamwa pa munthu m'chinenero chilichonse.

Panalinso china chimene ndinakonza kubisa, chimene ngakhale mwanayo sindinamuuze. Pafoni ndinkawauza Ababa nthawi zonse kuti ntchito ndi yopepuka, kungocheza ndi agogo n'kumamwa nawo tiyi. Zoona zake n'zakuti kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira, munthu umaima maola khumi ndi awiri, kunyamula, kusambitsa, kuthamangira belu. Pobwera mapazi anga amakhala atatupa ngati mikate, ndipo ndimawaviika m'beseni la madzi amchere pabalaza. Ababa atafika, beseni linasamukira kubafa, ndipo m'nyumba ndinkayenda ndi masokosi.

Za firiji sitinaganizeko n'komwe. Ababa kwawo alibe firiji, ndipo amayi ali moyo sanavundukulepo mphika.

Anafika atavala jekete ya Lamulungu. Mdzukulu wawo anamutenga nthawi yomweyo kukhala mkazi wawo, monga amachitira agogo a kwathu. "Mkazi wanga, wadzuka bwanji? Bwanji sunandiphikire?" Iye n'kumayankha, "Hiya, Grandad," akuseka. Ankacheza choncho, wina Chichewa wina Chingerezi, n'kumamvana bwinobwino.

Vuto linali kudya. Nkhuku ya kusitolo anailuma kamodzi n'kufunsa ngati inayendapo pa moyo wake. Masamba anati akumveka madzi. Ndinawatengera kumalo otchuka a nsomba ndi tchipisi, poganiza kuti mzinda wa asodzi ngati uno sungandichititse manyazi. Anaitembenuza nsombayo uku ndi uku.

"Mutu uli kuti, mayi?"

"Amachotsa, Ababa."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti ndikudya ndani?"

Anadya tchipisi tokha. Pofika sabata yachitatu kolala ya malaya inayamba kuwakulira. Ankakhala pawindo tsiku lonse kuwerenga mabasi, ndipo nyimbo za m'buku zimene amang'ung'udza chidzukire zinaleka kumveka. Zinkandiwawa kwambiri. Ndinawaitana kuti adzaone kuti mwana wawo ali bwino, ndiye ndiwabweze ataonda?

Lachitatu la sabata imeneyo ndinali pa shifiti yaifupi, ndinaweruka masana. Nditatsika basi ndinadzera kanjira ka kuseri kwa nyumba, kokhala mabini a zinyalala. Ndili pakati pa kanjirako fungo linandipeza. Ndinaima. Linali fungo la kwathu nthawi yokolola itatha, minda itatenthedwa, anyamata akubwera ndi makasu paphewa. M'kamwa munadzaza malovu mutu usanamvetse chimene chikuchitika. Kenako ndinamva nyimbo ya m'buku, mawu a Ababa, mokweza ngati ali kutsogolo kwa mpingo.

Ndinatsegula kageti. Ababa anali atakhala pa chidebe chovundikira, manja a malaya atapinda, kutsogolo kwawo kuli kambaula kathu kowotchera nyama. Timitengo ta nsungwi timene ndinachirikizira tomato anali atatizula n'kuting'amba pakati. Pa mipani iwiri panali mbewa, zondandalika bwino mitu mbali imodzi, zikuwambidwa. Pambali pawo panali poto wanga watsopano, mchere, ndi jumbo yakuda yopanda kanthu.

"Mayi, mwandichenjerera!" anatero, nkhope yonse ili mano. "Masabata atatu mukundidyetsa nkhuku zosayenda, chonsecho ndiwo zenizeni mwabisa pansi penipeni. Mumadikira tsiku lanji? Khirisimasi?"

Anatembenuza mpani umodzi n'kupitiriza.

"Njala idandipweteka, ndiye ndidati ndifunefune m'chimakina chanuchi, kapena ndingapeze chinthu chokhala ndi mutu. Dziko lino n'lodabwitsa ndithu. Anthu oyera, mbewa zoyera. Koma kunona kwake! Ndipo palibe ngakhale imodzi yotemedwa ndi khasu. Amakumba ndani zimenezi?"

"Amagulitsa kusitolo, Ababa," ndinatero. Pamenepo pokha sindiname.

"Kusitolo! Ndiye mumati Azungu sadziwa kudya?"

Anali atachita zonse mwadongosolo lake: kuzitumbula, kuziwiritsa ndi mchere mpaka madzi kuphwera, kuzipana, kuziwamba. Zinalipo khumi, zinayi zinali zitapita kale. Anasolola imodzi pampani n'kundipatsira ndi manja awiri.

Tsono ine ndili ndi satifiketi ya ukhondo wa chakudya, ndipo chaka chilichonse amatiphunzitsanso kuntchito. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti mbewa zimenezo si za anthu, zinalembedwa ndithu pa pulasitiki imene Ababa anaing'amba osaiwerenga. Sindikulangiza munthu aliyense kuchita zimene ndinachita. Koma bambo anga anali akuseka koyamba chifikireni, ndipo kukana kukanafuna chifukwa, chifukwacho chili m'mwamba m'bokosi lagalasi.

"Mbewa ya manyazi idafera kuuna, mayi. Tengani."

Ndinatenga. Ndinena zoona, inkasowa kafungo ka kutchire, ndipo tsabola akanathandiza. Koma nditangoluma ndinali kamtsikana kosavala nsapato, kolimbirana mutu ndi alongo ake kuseri kwa nkhokwe. Ndinakhala pansi pa sitepe ndi yunifolomu yanga, n'kulandira yachiwiri.

Ndili pa yachiwiriyo ndinamva chitseko cha kumaso. Pomwepo ndinakumbukira kuti Lachitatu limenelo linali tsiku lodya njoka. Ndinamva chikwama chikugwa pansi, firiji ikutseguka, dirowa ya pansi ikukokedwa. Kenako zii. Mwanayo anatulukira pakhomo la kukhitchini, n'kuyang'ana jumbo, mipani, agogo ake, pomalizira ine, kamchira kali pamlomo.

"Mum," anatero mwapansipansi. "That's her dinner."

"Akuti chiyani mkazi wangayu?" Ababa anafunsa. "Akufuna nawo? Bwera, ndakusungira yonona."

"Akuti mwaswera bwanji," ndinatero msangamsanga.

Ndinaiwala kuti matenda osanama aja amadumpha m'badwo umodzi. Mwana wanga, amene ndinamupempherera zaka ndi zaka kuti alankhule chinenero cha makolo ake, anatembenukira kwa agogo ake, n'kupinda mawondo pang'ono monga ndinamuphunzitsira, n'kunena m'Chichewa chomveka bwino, chopanda polakwika ngakhale pamodzi:

"Agogo, mwadya chakudya cha njoka yanga."

Mulungu amayankha mapemphero, koma nthawi amasankha yekha.

Ababa anaika mpani pansi pang'onopang'ono. Anapita pa mpope wa panja n'kusamba m'manja nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi.

"Mayi, mwanayu wati chiyani?"

"Mwamva, Ababa."

"Ndamva. Ndimafuna ndimve kwa inu."

Ndinawauza. Anati akufuna kuiona. Tinakwera masitepe atatufe, ndipo atafika pakhomo la chipindacho anaima n'kunena kuti, "Odi." Kulowa anakana, mwambo ndi mwambo ngakhale pa tsiku lotere. Mwanayo ndiye anaitulutsa, itazinga pamkono pake, kalilime kali lawilawi. Ababa anabwerera m'mbuyo phazi limodzi lokha. Anandiposa ine wa mpando uja.

"Iluma?"

"Ikaopsedwa, Ababa, koma ilibe ululu."

"Ikula kufika pati?"

"Pang'ono chabe kuposa apa. Mtundu wake ndi waufupi."

"Ntchito yake n'chiyani?"

Mwanayo anali atabwerera ku Chingerezi chake, Chichewa chija chinathera pa chiganizo chimodzi. "She doesn't do anything, Grandad. She just makes me calm."

"Akuti siigwira ntchito iliyonse," ndinamasulira. "Akuti akainyamula mtima wake umakhala m'malo."

Anayang'ana njokayo, n'kuyang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali. Kenako anatsika masitepe n'kukakhala pampando wawo wa pawindo. Ndinawatsatira n'kugwada pambali pawo.

"Ndidaimirira pamaso pa mpingo," anatero, maso ali kunja.

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chikulireni. Ndinafotokoza zonse kuyambira pa kathumba ka pilo, kenako ndinapempha chimene chinali kumtima kwanga.

"Ababa, mukapita musakanene."

"Akandifunsa?"

"Mukangoti mwayenda bwino."

"Mayi, ndidanena pagulu kuti mulibe njoka. Mawu amenewo akadali chiimire kumeneko, ndipo lero asanduka bodza. Ndiwasiye choncho?"

Apa ndinapsa mtima, ndipo ndinalankhula mokweza kuposa mmene mwana amalankhulira ndi bambo ake. Ndinati ine ndili kuno, pakamwa pa anthu sipandifika, koma iwo akubwerera kukakhala okha pakati pa anthu omwewo. Ndinati nkhalamba yokhala yokha m'nyumba ya malata ikatchulidwa za ufiti, zimene zimatsatira tonse timazidziwa. Ndinati choonadi chawocho chidzawagonetsa panja. Iwo ankangoyang'ana mabasi.

Ndinakhala masiku awiri ndikudikira kuti m'mimba mwa wina mutseguke. Palibe chinachitika, kwa iwo ngakhale kwa ine. Ababa anati m'mimba mwawo munali musanakhalepo mwamtendere chotere chifikireni.

M'mawa wa tsiku lachitatu anakwera masitepe atanyamula mpando wa kukhitchini. Anauika pamwamba pa masitepe, pakati pa chitseko cha mwanayo ndi cha kubafa, n'kupempha kuti chipindacho chizikhala chotsegula. Kuyambira tsiku limenelo anasiya mabasi n'kuyamba kulondera njoka. Ndikabwera kuntchito ndinkawapeza pomwepo, ndipo ndinkawadutsa cham'mbali, beseni nditalikulunga m'thawulo. Iwo n'kumandipatsa lipoti.

"Lero yatembenuka kamodzi."

Tsiku lina: "Lero yamwa madzi, n'kubwerera kukagona. Kutopa ndi chiyani, sindikudziwa."

Ndinawafunsa chimene ankayang'ana. Anati akufuna aone ngati imatuluka. Mawu amenewo anandibaya, chifukwa anatanthauza kuti pena pake mumtima mwawo munali kafunso. Ndinawauza kuti zandiwawa.

"Mboni imanena zimene yaona, mayi," anatero. "Ulendo watha ndidanena zimene sindidaone."

Mwanayo atagula mbewa zina, Ababa anaonerera kudyetsako ali pampando wawo, khosi litatalika. Njoka inagwira mbewa ija kamodzi n'kamodzi, kuizinga, n'kuyamba kuimeza kuyambira kumutu.

"Osatumbula?" anafunsa. "Osathira mchere? Osatafuna n'komwe? Mkazi wanga, chinyama chakochi n'chosaleredwa." Anapukusa mutu mwachisoni chenicheni. "Kuwononga ndiwo."

Mwanayo anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kuyambira tsiku limenelo dirowa ya pansi ankaiwerenga m'mawa ndi madzulo. Kudya kwa Ababa kunabwerera pang'ono nditapeza sitolo yogulitsa nsomba zokhala ndi mitu. Za kumudzi sitinakambenso. Tsiku lonyamuka ndinawakweza basi ya ku bwalo la ndege, ndipo ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Ababa, chonde." Anangoti, "Tsalani bwino, mayi."

Lolemba lotsatira ndili m'basi kupita kuntchito, mvula ikuwaza pagalasi, mng'ono wanga wa kumudzi ananditumizira mawu ojambula pafoni. Pamwamba analemba kuti, "Achemwali, khalani pansi kaye." Ndinaika foni pakhutu. Ndinamva mabenchi akulira, mwana akutsokomola, kenako mawu a Ababa.

"Abale, ndidaima pompano n'kunena kuti mwana wanga alibe njoka. Ndabwera kudzachotsa mawu amenewo. Njoka ilipo."

Tchalitchi chonse chinachita phokoso ngati msika. Ine ndinagwira chitsulo cha mpando wa kutsogolo. Ndikanakhala nawo pafupi ndikanawatseka pakamwa ndi dzanja, bambo anga omwe.

"Ndaiona ndi maso angawa. Ndi ya mdzukulu wanga, ya maphunziro ake. Kutalika kwake ngati lamba wa munthu wonenepa. Imagona m'bokosi lagalasi, akuiyatsira nyale ngati wodwala. Imadya mbewa zoyera zogula kusitolo. Ndiwo zakezo ndidadya ndine mosadziwa, zonona bwino, ndipo ndili pano."

Kunamveka mawu a bambo wina kumbuyo: "Zoyera?"

"Zoyera mbee."

"Kusitolo?"

"Zolongedza kale, zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha."

Wina anayamba kuseka, kenako ambiri. Ndinamva abusa akupempha bata, nawonso mawu akunjenjemera. Ababa anadikira mpaka kutakhala chete.

"Ndidaikhalira pakhomo masabata atatu kuti ndione ngati ituluka kukasaka ndalama. Sidatuluke. Ulesi wotere sindidauonepo. Amene ndidamuona akutuluka ndi mwana wanga, kusanache, mvula ikugwa. Pobwera amalowa kubafa ndi beseni atalibisa m'thawulo, kuyesa ine ndine mwana. Tsiku lina adagona pampando sokosi imodzi itavuka, ndipo phazi lake ndidaliona. Lidatupa, abale, chala osachidziwa poyambira. Malata mukuwaona pa nyumba yanga aja adachokera m'mapazi amenewo. Wofuna kunena za kukhwima ayambire ine, amene ndidadya mbale imodzi ndi njokayo."

Mawuwo anathera pamenepo. Ndinalira m'basi, ndi yunifolomu yanga, pamaso pa ana a sukulu. Pamene ndimakweza maso ndinali nditapitirira potsikira panga ndi masiteji atatu, ndipo ndinabwerera wapansi, ndi mapazi omwewo.

Nyumba ya malata ikadalipo, Ababa akadali mkulu wa mpingo. Mabanja awiri anasiya kuwapatsa moni, iwo akuti moni wawowo sunali wonona n'kale. Anyamata a m'mudzi anabwera kangapo kudzafunsa ngati mbewa zoyerazo zingawetedwe kwathu, ndipo mpaka lero chimene anthu ambiri sakhulupirira si njoka ayi, koma kuti kuli dziko limene mbewa zonona amapatsa chinyama.

Akaimba foni Lamulungu madzulo amayamba ndi mkazi wawo, amene tsopano amawayankha ziganizo ziwiri zitatu m'Chichewa asanathawire ku Chingerezi chake. Kenako amafunsa za mnzawo wa mbale imodzi, ngati watembenuka sabata ino. Akamaliza zimenezo amatsitsa mawu.

"Nanga mapazi, mwana wanga?"

Ndinasiya kuwayankha kuti ntchito ndi yopepuka.